Mndandanda wa Mafoni Ololedwa

Apongozi anga aakazi anabwera kwathu ku Ipusukilo monyinyirika. Diso lawo lamanja linali litayera ndi ng'ala, lamanzere likutsatira. Kuchipatala cha kuno ku Kitwe anatipatsa tsiku la opaleshoni patsogolo milungu isanu, nati wodwalayo akhale pafupi kuti azimuyeza shuga. Koma mtima wawo unatsala ku Katete. Amuna awo anadwala sitiroko chaka cham'mbuyo, mbali imodzi inafa, kulankhula kunatheratu. Chimene ankatha ndi kuyang'ana munthu n'kukweza dzanja labwinolo, choncho kuwaimbira foni yamawu kunali kungodzivuta. Apongozi analola kukwera basi mkazi wanga atalonjeza kuti tsiku lililonse azionana ndi amuna awo pa vidiyo. Ananeneratu kuti akadzangosiya kuwaona, abwerera, opaleshoni ikhale.

N'chifukwa chake ndinagula rauta, kabokosi koyera kolowetsamo simu, kogawa waifai m'nyumba. Ine ndine wowotcherera zitsulo, za makompyuta sindinazipitire kusukulu, koma ndimadana ndi kufunsa. Tsiku loyamba mkazi wanga anakaika m'kabati ya mbale n'kukafunditsa kansalu koluka kuti fumbi lisakadetse. Intaneti inkabwera ngati madzi a pampopi wathu, kudontha. Ndinayenda nako nyumba yonse nditakanyamula m'mwamba, mpaka kanagwira bwino pawindo la kuseri. Ndinakhoma shelufu pamenepo, n'kulumikiza kabatire kuti magetsi akapita kasazime.

Apongozi tinawapatsa foni yakale ya mkazi wanga, yopanda simu, yodalira waifai yokha. Nthawi ya 16, folo koloko madzulo, ikakwana, mlamu wanga amene amasamala madala, amuna awo aja, kumudziko ankaimba. Apongozi ankadina batani lobiriwira, n'kuyandikiza foniyo ku diso lamanzere mpaka mphuno kukhudza galasi. Madala ankakweza dzanja. Kenako apongozi ankawasimbira za tsikulo, za phokoso la m'tauni, za tomato wa kuno wosakoma, okha kufunsa okha kuyankha.

Sabata yoyamba zinayenda. Yachiwiri nkhope ya madala inayamba kuuma pagalasi, dzanja lili m'malere, mawu a mlamu akuduka ngati munthu wantchintchi. Bandulo ya mwezi inatha m'masiku khumi. Ndipamene ndinazindikira kuti windo limene rauta imagwira bwino netiweki ndi lomwenso layang'anizana ndi kashopu kometera tsitsi ka kuseri kwathu. Pabenchi pake pankadzaza anthu ometa kale, onse mitu yowerama.

Ndinapita kukafunsa mwini shopuyo. Anazimitsa makina ake n'kundiyang'ana ngati ndamunamizira ufiti, n'kukana m'Chibemba kuti sadziwa chilichonse.

"Awe ba neba, ine nshishibe nangu cimo. Ni ma customer chabe, bamabwela na ma bundle yao."

"Nanga bamabwela kuchita chani everyday, mitu ilibe na sisi?"

Anangoseka, n'kuyatsanso makina.

Mnzanga wina kuntchito anandiuza kuti pasiwedi imene ndinkagwiritsa ntchito ndi yolembedwa pakapepala kunsi kwa rauta, ndipo aliyense wosuzumira pawindo akhoza kuiwerenga. Anandionetsa manambala olemba pafoni kuti ulowe m'kati mwa rauta. Ndinalowa, ndinasintha pasiwedi, ndinaika yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala moti ineyo ndinkaiiwala. Ndinailowetsa m'mafoni a m'nyumba ndekha, osauza munthu. Patapita masiku anayi benchi ija inadzazanso. Kani foni imene yalowa kale imatha kuonetsa kachithunzi ka timadontho, wina n'kungojambula, walowa. Mkazi wanga anavomera kuti anathandizako mayi mmodzi yekha wa kuchigwirizano cha kutchalitchi, amene ankafuna kutumiza chithunzi chimodzi. Ku Ipusukilo kupatsa munthu mmodzi n'chimodzimodzi kulengeza pa sipika.

Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima sindimvanso za munthu. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mayi wokalamba akulephera kuona mwamuna wake chifukwa anyamata andevu akuonera mpira. Mnzanga uja anati pali njira yomaliza: rauta ili ndi mndandanda wa mafoni ololedwa. Ukautsegula, foni imene sinalembedwemo silowa, ngakhale mwini wake ataidziwa pasiwedi ngati dzina lake.

Lolemba m'mawa mkazi wanga ananyamuka kupita ku Nakonde kukaoda nsapato zogulitsa kumsika. Akawoloka malire, nambala yake ya kuno siipezeka. Tsikulo ine ndinali wa shifiti ya masana, choncho ndinakhala pansi ndi rauta ndisanapite. Ndinapeza zida khumi ndi zinayi zolumikizidwa. Zina zinali ndi mayina a mitundu ya mafoni, zina manambala ndi zilembo zopanda mutu. Ndinazindikira foni yanga ndi TV, ndipo ya mkazi wanga inkaonekabe pa zimene zinalowapo kale. Zitatuzo ndinazilemba m'ndandanda, ndinadina, zina zonse zinagwa. Ndinasuzumira pawindo n'kuona mitu ikudzuka pabenchi umodziumodzi. Ndinasangalala ngati ndawina mlandu. Foni yakale ija sinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono, chifukwa m'maganizo mwanga "foni ya mkazi wanga" inali italowa kale.

M'nyumba tinatsala atatu: ine, apongozi, ndi mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri. Chikwatirireni, ine ndi apongozi sitinakhalepo m'chipinda chimodzi kapena kuyang'anana m'maso. Ndi ulemu wa kwathu, ndipo ngakhale ndinakulira pa Kopala, kuno kumigodi, ndinkaunyadira. M'nyumba ya zipinda zitatu, ulemu umenewu ndi ntchito. Ndikamalowa ndinkatsokomola pakhomo kuti iwo apatuke. Mawu ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo iye akachoka ankadzera mwa mwana, amene sankadziwa n'komwe kuti ndi mthenga.

Lachiwiri m'mawa ndikumanga nsapato za kuntchito, ndinamva apongozi kuchipinda akulankhula ndi mwanayo mokweza pang'ono, mawu olinga kwa ine.

"Mkazi mnzanga, dzulo amuna athu sanaoneke. Kaya atikana?"

Ndinayankha ndili pabalaza, ndikuyang'ana nsapato. "Uwauze agogo ako kuti netiweki ya kumudzi imavuta. Kuno zonse nakonza, lomba izayenda bwino maningi."

Kenako apongozi anati, "Wamva, mkazi mnzanga? Atate ako akonza."

Sanabwerezenso. Kubwereza kukanakhala kutsutsa mkamwini m'nyumba mwake. Lachitatu anangouza mwanayo kuti mwina agogo anadina polakwika ndi maso awo oipawa, mwina aononga foni ya eni ake. Ndinamva. Ndinati mumtima mwanga nkhaniyi ilibe kanthu, mkazi wanga akabwera aiona. Mlamu anandiflasha kawiri ndili kuntchito, kumene foni timasiya m'lokala. Ndinaona poweruka, ndinati ndimuimbira mawa. Sindinaimbe. Madzulo aliwonse ndinkalowa m'rauta kukasirira mndandanda wanga wa mizere itatu, woyera bwino, wopanda mbava.

Lero ndikakumbukira ndimadzikwiyira. Foniyo inali pamphasa, masitepe asanu kuchokera pamene ndinkakhala. Chimene chinkafunika ndi kunena kuti mwanayo andibweretsere ndione. Koma ndinali nditakonza, ndipo munthu amene wakonza safuna kumva kuti china chaonongeka.

Mkazi wanga anafika Lachisanu masana, ine ndili pa ofu. Asanamasule n'komwe zikwama, amayi ake anamuitanira kuchipinda. Anatuluka ndi foni ija m'manja.

"Atate ake mwana, iyi foni siili pa waifai. Ikamba kuti yakanidwa. Mwachita chani?"

Polowa m'rauta ndinalakwitsa pasiwedi kawiri. Pa zida zokanidwa panali mzere wa manambala ndi zilembo umene ndinkauona tsiku lililonse ukugogoda, ine n'kumati ndi wometa tsitsi uja sakugonja. Kuulowetsa kunanditengera mphindi imodzi.

Sitinadikire 16. Mkazi wanga anaimba pompo, ine nditaima kunja kwa chitseko cha kuchipinda. Mlamu sanapereke ndi moni womwe. Anati kuyambira Lachitatu madala akukana phala, akungoloza pampando wa akazi awo n'kumalira. Anayesa kuwauza kuti ndi netiweki, koma iwo sanakhulupirire. Kwathu wodwala kwambiri sauzidwa za maliro, amamubisira mpaka apeze mphamvu. Madalawo anabisirapo ena ambiri pa moyo wawo, ndiye ankadziwa mmene nkhope za obisa zimaonekera. Kwa iwo, akazi awo anali atafera kuchipatala cha ku Kitwe.

Mlamu anawayandikizira foni. Ndinamva apongozi akuitana, "Ndine, bambo. Ndili moyo. Ndine." Anaitana kambirimbiri. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti bambo ake anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'khutu, koma dzanja silinakwere.

Foni itaduka, apongozi anayamba kupinda zitenje zawo. Mkazi wanga anawachonderera, kuwakumbutsa kuti opaleshoni ndi Lachiwiri lomwe likubwerali, masiku anayi okha. Ine ndinagwada pakhomo la chipindacho, maso pansi, n'kuuza mwana kuti auze agogo ake kuti wolakwa ndine, kuti foni yakonzeka, kuti sizidzachitikanso. Ndinkafuna andikalipire. Akanandikalipira, bwenzi pali poyambira kupepesa.

Anayankha modekha, akupindabe.

"Mkazi mnzanga, uwauze atate ako kuti sanalakwe. Nyumba ndi yawo, anangokiya pakhomo pawo."

Loweruka tinawaperekeza kusiteshoni ya mabasi. Ndinanyamula chikwama chawo ndikuyenda patsogolo, iwo m'mbuyo atagwira phewa la mwana wawo.

Madala anayambanso kudya akazi awo atafika, ndipo alipo mpaka lero. Za opaleshoni tinayesa kukambanso, ngakhale kuchipatala cha pafupi ndi kwawo, koma apongozi salola kugona kunja kwa nyumba yawo ngakhale usiku umodzi. Diso lamanzere nalo linayera. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi mlamu amatiimbira pa vidiyo, ndipo chithunzi chimabwera bwino kwambiri, chosadukaduka. Akawapatsa foni apongozi kuti aone mdzukulu wawo, iwo amaiika kukhutu. Mwanayo amawaonetsa zimene wajambula kusukulu, n'kumafunsa ngati agogo aona, ndipo iwo amayankha kuti aona, n'zokongola.