Apulofesa ndi Mlandu wa Mkulu wa Asilikali

Kunyumba kwawo ankamutcha Nanga, chifukwa chilichonse chimene munthu angamuuze, iye ankayankha kuti, "Nanga bwanji?" Bambo ake anali womasulira mawu kukhothi laling'ono la m'tauni, ndipo akaweruka kusukulu ankakhala kumbuyo m'khothimo kuwadikira. Kumeneko ndi kumene anaona kuti wakuba njinga amalowa m'ndende tsiku lomwelo, pamene anthu amene wailesi inkati apulula midzi yathunthu pankhondo palibe ankawafunsa kanthu. Atawafunsa, bambo ake anangoti, "Amenewo alibe khothi, mwanangu. Nyamula chikwama tizipita."

Kuyunivesite anaphunzira zamalamulo. Anzake atamaliza anathamangira kumakampani, posakhalitsa nkuyamba kuyendetsa magalimoto. Iye anasankha malamulo oweruzira milandu ya pankhondo, imene mayiko amazenga mogwirizana. Anakawonjezera maphunziro kunja, akugona m'kachipinda kozizira koyang'anizana ndi njanji. Atabwerako anapatsidwa ofesi pamwamba pa laibulale, ya zenera losatsekeka bwino, moti mvula ikamabwera mabuku ankawasunthira pampando. M'ofesi imeneyo ndi mmene anachita imvi, anthu nkuyamba kunena kuti Apulofesa.

Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu wa kusekondale, munthu wofatsa wokonda kuseka chamumtima. Anabereka mwana mmodzi wamwamuna, ndipo kunena zoona amene anamulera ndi bambo ake. Apulofesa ankangokhalira m'ndege, lero kumsonkhano, mawa kukaphunzitsa oweruza. Akamatsitsa sutikesi pakhomo, amuna awo ankaitana mwana kuti, "Iwe, tabwera udzapereke moni kwa alendo." Kenako nkuwafunsa, "Mayi, mwabwera kudzakhala kapena kudzangochapa zovala?" Onse ankaseka, koma Apulofesa ankatsuka mbale mwakachetechete tsiku limenelo.

Buku limene linawatchukitsa linali lonena za akuluakulu a asilikali. Mfundo yake inali yakuti mkulu amene akudziwa kuti asilikali ake akupha anthu wamba, iye osawaletsa, ndi wolakwa ngakhale sanagwire mfuti. Koma munalinso mutu wina wochenjeza oweruza kuti asamange munthu potsatira mkwiyo wa anthu. Pafunika umboni wosapeneka wakuti ankadziwadi.

Mkulu wina wa asilikali atagwidwa nkuperekedwa kukhothi la mayiko, maloya omuimba mlanduwo anapempha Apulofesa kuti aziwalangiza. Anavomera ndi mtima wonse, poti ichi ndicho ankachiyembekezera moyo wawo wonse. Ankaganiza kuti ndi ntchito ya zaka ziwiri. Mlanduwo unadya zaka zoposa khumi. Oweruza ankasinthidwa, mboni zina zinamwalira, woimbidwa mlanduyo ankati akadwala zonse nkuima. Apulofesa anazolowera makonde aatali a magetsi oyera, khofi wowawa wa m'makapu apepala, ndi zomvera m'makutu zimene zinkasiya zipsera kuseri kwa makutu. Ukwati wa mwana wawo anaupeza anthu akujambulitsa kale.

Tsiku lina m'chipinda chodikirira mboni anakumana ndi mayi wina, telala, amene mwamuna wake ndi ana awiri anaphedwa ndi asilikali a mkuluyo pabwalo la sukulu. Mayiyo anavala jekete yobwereka, manja a jeketeyo atawapinda kawiri.

"Akuti inu ndi amene mumawadziwa malamulowa," anatero telalayo. "Ndiye ndikakanena zonse, andimvera?"

"Akumverani, mayi."

"Chifukwa ndazinena kambirimbiri. Pakamwa pangapa patopa."

Anakanenadi, ndipo mkulu uja anapezeka wolakwa. Amuna awo a Apulofesa anaimba foni: "Basi mwatha, bwerani kunyumba." Koma mkuluyo anachita apilo.

Pa apilo anabwera loya watsopano woimira mkuluyo. Apulofesa atamuona anamuzindikira: anali mnyamata amene anamuphunzitsa okha, wokhala kutsogolo m'kalasi, amene anamulembera kalata yomuthandiza kupeza sukulu kunja. Tsopano anali ndi dazi ndi mkanjo wakuda. Anaimirira, natsegula buku la Apulofesa lija, lokhala ndi timapepala tachikasu m'mbali, nayamba kuwerenga mutu wochenjeza uja, mawu ndi mawu, mofatsa ngati mmene iwo ankawerengera m'kalasi. Anasonyeza kuti mauthenga onena za kuphedwa kwa anthu pabwalo la sukulu lija palibe amene anatsimikiza kuti anafika m'manja mwa mkuluyo. Oweruza ambiri anagwirizana naye. Mkulu wa asilikali anatuluka mfulu, akugwedeza dzanja kwa atolankhani.

Loya uja anawapeza Apulofesa pakhonde atakhala pampando, nsapato atavula chifukwa mapazi anali atatupa. Anaima chapatali, manja kumbuyo.

"Madamu, pepani."

"Ukupepesa chiyani? Unawerenga molakwitsa?"

"Ayi."

"Ndiye pita ukadye. Wagwira ntchito yako."

Anachoka akuyang'ana pansi. Apulofesa anakhala pomwepo mpaka wosesa anawapempha kuti akweze miyendo. Anafunsa ngati wina wamuuza telala uja, nauzidwa kuti ofesi yoona za mboni idzamuimbira. Anapempha nambala kuti aimbe okha. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, makina osokera akumveka chapatali, kenako anati, "Chabwino. Zikomo pondiuza." Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinawalemera koposa.

Atabwerera kunyumba, osindikiza mabuku anawauza kuti bukulo likufunidwa kwambiri tsopano, ndipo anafunsa ngati angakonde kusintha mutu umene wabweretsa phokosowo. Apulofesa anakhala patebulo lodyera ndi cholembera chofiira, mmawa uliwonse kwa milungu ingapo. Ankadula chiganizo, nkuchibwezera. Amuna awo, amene anali atapuma kale pantchito, ankangodutsa ndi kapu ya tiyi.

Tsiku lina anakoka mpando nakhala. "Mayi, kodi zimene munalembazo ndi zabodza?"

"Ndi zoona, Bambo. Vuto lake ndi lomwelo. Ndikachotsa, mawa adzamanga munthu wosalakwa."

"Nanga uja anali wosalakwa?"

"Ankadziwa. Mtima wanga ukundiuza kuti ankadziwa. Koma mtima wanga si mboni."

Bukulo linasindikizidwanso osasintha kanthu.

Anaphunzitsa chaka china chimodzi, mawu akutsika, ophunzira akumbuyo akudandaula kuti sakumva. Kenako anapuma. Mwana wawo, amene tsopano ndi injiniya wa zamadzi, anabwera ndi galimoto kudzatenga makatoni a mabuku, akubuula pamasitepe kuti, "Amayi, zonsezi munawerengadi, kapena mumangoopsezera anthu?" Makatoniwo anawaunjika m'chipinda cha alendo, ndipo ambiri sanatsegulidwe mpaka lero.

Masiku ano Apulofesa amaperekeza amuna awo kuchipatala kukayezetsa shuga, ndipo Loweruka amasunga mdzukulu, amene poyamba ankawathawa koma pano amawakoka magalasi. Nkhondo ikabuka kwina, foni imayamba kulira, atolankhani akufuna maganizo awo. Nthawi zina amayankha, mosamala ngati kale. Nthawi zambiri amangoipereka kwa amuna awo.

"Auzeni kuti ndagona."

"Masana ano? Ndiwanamize?"

"Simukunama, Bambo. Ndiye ndikupita kukagonako."