Dengu la Chinangwa Chowawa

Dona Zuleide anakulira pambali pa chiwaya chokazingira ufa wa chinangwa, ndipo manja ake ankachitira umboni: zala zong'aluka, zikhadabo zachikasu. M'mbali mwa mtsinje wa Solimões aliyense ankadziwa kuti farinha yake, ufa wa timibulu wowaza pa nsomba uja, inalibe inzake. Ankadziwanso kuti pakamwa pa mayiyu mpowawa kuposa chinangwa chimene ankalima.

Amene ankapalawa kwambiri pakamwapo anali Josiane, mkazi wa mwana wake Valdeci. Mtsikanayu anakulira m'tauni ya Manaus, kumene chinangwa ankangochiona pamsika. Akafunsa kanthu, yankho linali lomwelomwelo: "Kodi kwanuko sankakuphunzitsani?" Mapeto ake anangosiya kufunsa. Tsopano anali ndi pakati pooneka ndithu.

Chaka chimenecho madzi anafulumira kukwera. Chinangwa chikagona m'madzi chimaola, choncho mudzi wonse unali kalikiliki kuzula. M'mawa wina Zuleide ndi Valdeci anakwera bwato kupita kumunda wa kutsidya. Ali padoko, mayiyo anakuwa osacheuka n'komwe: "Iwe, uphike chinangwa chomwera khofi, tikabwera tidye!"

Dzuwa lili pamutu, onse atawerama m'matope, Valdeci anafunsa, "Amayi, dengu ladzulo lija munakaviika?"

Zuleide anangoti njii. Sanaviike. Analisiya pakhomo penipeni, lodzaza chinangwa chowawa, chija chimafuna kuviika, kufinya ndi kukazinga chisanafike pakamwa pa munthu. Chozuna chinali kuseri kwa nyumba, chosakumba, ndipo anali asanamuonetsepo Josiane malo ake.

"Mayo ine!"

"Chavuta n'chiyani amayi?"

"Mkazi wako! Kankha bwato, usandiyang'ane ngati ng'ombe!"

Mtsinje unali utakwiya, ukukokolola mitengo ndi udzu. Bwato linkayenda ngati silikufuna. Zuleide anachita mantha amene anali asanachitepo. Anakumbukira nkhumba ya a neba yomwe inamwa madzi ofinyidwa ku chinangwa chotere, n'kugwa isanafike kukhola. Nanga munthu wa mimba? Anayamba kupemphera, koma pemphero linkathera panjira.

"Palasa, Valdeci!"

"Ndikupalasatu amayi!"

"Kupalasa kumeneko? Bambo ako ankapalasa kuposa pamenepa akudwala malungo!"

Atakhota pagomo lomaliza, anaona utsi ukufuka pakhitchini yawo. Zuleide sanadikire kuti bwato ligunde kumtunda. Anadumphira m'madzi ofika m'chiuno, n'kukwera makwerero a nyumba chokwawa.

Josiane anali atakhala pakhonde. Mphika unali wovundikira bwino, mbale atayala, khofi ali pamoto.

"Wadya?"

"Ayi amayi, ndimadikira inu."

"Usandinamize mwana iwe! Wadya?"

"Ndinangoluma kachidutswa, n'kulavula. Chimawawa." Mtsikanayo anaganiza kuti zam'gweranso. "Ndinaona kuti n'chachikasu ngati chokoma chija cha kumsika kwathu. Ndiye ndimati mwina ndaphika molakwika. Ndathiramo shuga kuti musamve kuwawako."

Zuleide ananyamula mphikawo, ukumuotcha manja choncho, n'kukakhuthulira mumtsinje. Valdeci ndi amene anafotokozera mkazi wake chimene chinali mumphikamo. Josiane anagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

Zuleide anabwerera pakhonde. Anakhala pansi pathabwa, zovala zikudontha, moyang'anizana ndi mpongozi wakeyo. Anafuna kukalipa, poti ndiyo ntchito imene pakamwa pake pankaidziwa, koma mawu anatuluka aang'ono.

"Dengu ungolipeza pakhomo, osafunsa? Bwanji sunandifunse tisanachoke?"

Josiane anayang'ana pansi.

"Ndinakutsatirani mpaka padoko, amayi. Ndinafuna kufunsa ngati n'chomwechi." Anadzutsa mutu. "Koma yankho lanu ndinkalidziwa kale."

Zuleide anayang'ana manja ake otupa ndi moto. Khofi anabwata mpaka kutayikira, ndipo panalibe amene anadzuka kukamuphula.