Thabwa la Asisi Pamphambano

Taganizani m'mawa wamba pamalo otchajira galimoto zamagetsi. Makina anayi aima pansi pa denga la malata, zingwe zili lendelende. Mayi wina wa yunifolomu yobiriwira akusesa. Pamwamba pali chikwangwani chachikulu cha nkhope yake yomwe, ikumwetulira, ndi mawu akuti: "Fikani osaopa, moto ulipo nthawi zonse." Kampani inamujambula chifukwa cha nsangala zake. Madalaivala ankangomuitana kuti Asisi.

Koma makinawo ankafa pafupipafupi, ndipo amisiri ankatha sabata osabwera.

Tsiku lina kunafika bambo wina wachikulire, batire ya galimoto yake itatsala pang'ono kutheratu. Kumpando wakumbuyo kunali akazi awo, akupuma movutikira. Bamboyo anali atalambalala malo ena otchajira chifukwa cha mzere, podalira chikwangwanicho. Anapeza makina onse atafa.

"Mwanangu, si iwe ukusekerera pamwambapo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndine, bambo."

"Nanga moto wakowo uli kuti?"

Asisi anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto ina. Inachedwa kupezeka. Pofika kuchipatala, mayiwo anali atatsirizika.

Mawa lake Asisi anapaka thabwa utoto wakuda n'kukaliimika pamphambano, pomwe dalaivala akanatha kukhotera kwina. Analembapo ndi choko kuti: "Lero awiri akugwira, awiri afa." M'mawa uliwonse ankayamba wayesa makina onse asanalembe.

"Asisi, mwasanduka aphunzitsi kodi?" ankamuseka madalaivala a takisi. "Mayeso tilemba liti?"

"Yambani mwaphunzira kuwerenga musanakhote, achimwene," ankayankha.

Patapita miyezi, abwana a kampaniyo anadutsa pamphambanopo n'kuliona thabwalo.

"Ife tikuvutika kutsatsa malonda kuti anthu atikhulupirire, inu mukutiyalutsa pamsewu? Chotsani chimenechi, apo ayi ntchito yatha."

Asisi anali ndi ana atatu apasukulu, ndipo ankalera yekha. M'mawa wotsatira anayesa makina monga mwa masiku onse, n'kukalemba kuti atatu afa. Lachisanu anabweza yunifolomu.

Masiku ano amachapa zovala m'makomo mwa anthu, ndipo mwana wake wamkulu anasiya sukulu. Thabwalo linaima pamphambano miyezi isanu ndi iwiri, ndipo m'miyezi imeneyo palibe galimoto inatherapo moto pamalopo.