Kodi mankhwala mwamwa lero?

Anzanga amalembedwa ntchito ndi satifiketi, koma ine anandilemba ndi buku langa la kuchipatala. Nditatha zaka zitatu osadwalanso, namwino wina anandiuza kuti bungwe lina pa boma pa Mwanza likufuna anthu amene anadwalapo matenda a maganizo n'kuchira, oti azilimbikitsa anzawo. Bungwelo litandilemba linandipatsa njinga, kope ndi tisheti yolembedwa Chingerezi kumsana.

Ndinkayendera odwala m'midzi ya kwa Nthache. Ndikafika pakhomo ndinkawerenga mapiritsi otsala m'kapepala, kufunsa ngati munthu akugona, akudya, ngati akumvabe mawu m'mutu, kenako kumukumbutsa tsiku la jekeseni. Chachikulu chinali kukhala naye pamphasa n'kumuuza kuti inenso ndinamangidwapo pamtengo wa mango. Kukabwera alendo, abwana athu a Kalonga ankandiimika kutsogolo kuti ndinene zomwezo, anthu n'kuomba m'manja. Pamenepo ndiye ndinali katswiri.

Mmodzi mwa odwala anga anali a Zuze, bambo wootcha makala amene makolo awo anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Atayamba jekeseni mawu aja anasiya, koma thupi linauma. Khosi linapindikira kumbali, dovu lili chuchuchu, manja osatha kugwira nkhwangwa. Ndinazidziwa msanga chifukwa zinandichitikirapo, ndipo pali kapiritsi kofewetsa thupi kamene adokotala amawonjezera. A Zuze anandiuza kuti bola misala kusiyana n'kumadyetsedwa ndi mkazi ngati khanda. Ndinawapempha kuti apirire mpaka Lachisanu, ndidzabwera ndi galimoto yowatengera kwa adokotala.

Lachitatu pamsonkhano wa ku ofesi ndinapempha galimotoyo. A Kalonga anati ili ndi alendo, tidikire mwezi wamawa. Ndinafotokozanso. Ndinabwereza kachitatu mawu atakwera pang'ono, monga achitira aliyense amene sakumvedwa. Iwo anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Mayi Phiri, kodi mankhwala mwamwa lero?"

Ena anaseka chapansipansi. Ndinali nditamwa, monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Koma funso limenelo lilibe yankho: ukakwiya watsimikiza, ukakhala chete watsimikizanso. Anagwirizana zoti ndikapume sabata imodzi, njinga ndiisiye pa ofesi.

Apa pali mlandu wanganso. Ndikanatha kukwera kabaza n'kukawauza a Zuze kuti zalephereka. Sindinapite. Ndinaopa kuti akamva ku ofesi anena kuti mayi uja zamuyambanso, akungoyendayenda. Ndinakhala pakhomo kusonyeza kuti mutu wanga uli bwino.

Nditapita Lachinayi linalo ndinapeza akazi awo okha akusenda chinangwa. Anati Lachisanu lija bambo anasamba m'mamawa, anavala malaya akutchalitchi, n'kukhala m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa kupendeka. Lamlungu anadzera njira zachidule kulowera ku Zobue, ku Mozambique, khadi la jekeseni atalisiya pansi pa mtondo.

"Anati ngati inu amene munadwalapo mukunama, wonena zoona ndani?"

Mpaka lero sitinamve kumene ali.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ku bungwe lina, ndipo mtima umandiwawabe. Anzanga atsopano ndimawauza kuti pantchito ino amafuna mbiri yathu, osati nzeru zathu, ndipo tsiku limene mudzatsutse bwana mudzafunsidwa za mankhwala. Muzidzayankha kuti mwamwa, kenako n'kubwereza zimene mumanena zija. Ndipo mukalonjeza wodwala Lachisanu, muzipita, ngakhale wapansi, ngakhale chimanjamanja.