Gawo la Ba Tembo pa Ngalande

Loweruka tinali kukumba ngalande ya mumsewu wathu kukomboni ya Kanyama. Mvula yayandikira. Okhala kuno mukudziwa: ngalande ikatsekeka, madzi amagona nawe m'nyumba.

Amuna amumsewu tinagawana malo, aliyense gawo lake. Ntchito inayenda. Gawo la Ba Tembo lokha ndilo linaima, ndipo lili kumunsi, kotulukira madzi onse.

Ba Tembo si dzina lawo lenileni, ndasintha. Ndi bambo wathupi lalikulu, mawu ngati kondakitala wa minibasi. Kale matumba a simenti ankawanyamula akuimba. Koma tsikulo akamenya piki pang'ono, foni pakhutu.

"Halo? Nibwela manje manje, sinichedwa!"

Basi, azimiririka kuseri kwa mpanda. Foniyo ine sindinaimve ikulira.

Ba Lungu, ometa tsitsi, anaponya fosholo pansi. "Aba bamudala ni baulesi chabe. Basiyeni, manzi yangene mu nyumba mwao, bazaziba."

Ndinawafunsa kuti madziwo akabwerera adzayambira kwa ndani. Shopu yawo ndiyo yagundana ndi kwa Ba Tembo.

Apo msonkhano unayamba. Amuna athunthu kutsamira mafosholo, kuweruza mlandu wa ulesi. Wina akuti tiwachotse m'gulu. Wina akuti tikawanenere kwa cheyamani. Ngalande ili phee, ikutiyang'ana.

Ine zokamba zambiri sinditha. Ndinapita kuseri kwa mpanda. Ndinawapeza Ba Tembo atakhala pa njerwa ali ofooka, foni ili m'thumba.

"Ni chani?"

"Ni shuga. Banipeza nayo ku kiliniki. Musabauze ba Lungu. Baja bameta na kamwa, sibasunga chinsinsi."

"Mwadya?"

Sanadye. Ndinaitana akazi awo, anabweretsa chakudya. Mayiwo anangoti, "Ninabauza ine, sibamvela."

Amuna amukomboni tili ndi vuto. Munthu amabisa nthenda ngati katundu wakuba. Kunena kuti "ndalephera" kumamulemera kuposa wilibala yamiyala. Ndiye amanama. Ife anzake timaona bodzalo, ndipo timathamangira mawu amodzi: waulesi. Pomanga nyumba ndi chimodzimodzi, kukwaya, kutimu ya mpira. Wina akayamba kutsalira timamukamba tonse. Womufunsa palibe.

Koma musandimve molakwa. Chisoni sichikumba ngalande. Pali enanso amene akamva kuti mnzawo wadwala amasiya zonse, nkhope zogwa, ntchito nkufera pomwepo. Kenako madzi amalowa kwa wodwala yemweyo. Mwamuthandiza chiyani?

Kuwatumiza Ba Tembo kukagona sindinafune. Munthu ngati uyu ukamuchotsa pagulu anzake akuona, wamudwalitsa kawiri.

Ndinati, "Piki isiyeni. Kamwa ikali bwino?"

"Ikali."

"Mumanyumba muli anyamata akuonera mpira. Katulutseni."

Ndikanadziwa ndikanatseka makutu. Anayenda geti ndi geti.

"Iwe Mabvuto! Nakuona pa windo! Manzi yakabwela uzayandama na tivi yako!"

Anyamata anatuluka akuyasamula, wina ndi patapata mmodzi. Ngakhale landilodi wina amene sanagwirepo fosholo chibadwire anatuluka, poopa kuti dzina lake limveka mpaka kukomboni ina ya Chawama. Tonse tinatsikira pagawo la Ba Tembo. Pansi pa Kanyama ndi mwala, tinatuluka matuza.

Ba Lungu sanakondwe. "Manje ise tikumba, beve bakuwa chabe?"

Ndinati, "Kuwani inu, tione ngati atuluka."

Anatola fosholo.

Dzuwa lisanalowe ngalande inatseguka. Lachiwiri mvula inagwa yamphamvu. Madzi anadutsa pamageti athu osalowa kwa munthu. Ba Tembo anaima pakhomo ndi ambulera, akuwakuwira madziwo kuti afulumire.

Ba Lungu mpaka lero akuuza makasitomala kuti anakumbira munthu waulesi. Sindinawakonze. Nyuzipepala ino sawerenga, amangopukutira galasi. Za matenda mwini wake adzanena yekha akafuna.

Nanga inu, uja wakutopetsani pagulu lanu, munamufunsapo chimene chamuvuta? Kapena mudzamvera pamaliro, muli kutsogolo mutanyamula bokosi?