Mfuti Imene Ndinaiika pa Mbaula

Nkhani iyi ndikaifotokoza pamalo panga pokonzera njinga ku Nkando, ena amati ndikuwonjezera, koma ndinamirenji bodza loti wopusa wake m'nkhanimo ndine ndemwe? Zinachitikadi, Loweruka masanasana, ndipo amene anaona alipo, kungoti mayina awo sinditchula.

Ine ndinabadwa ndi matenda otola zinthu zakale. Simbi zamakala, mawayilesi osalankhula, makobidi obowoka pakati a nthawi ya atsamunda, zonsezo zinadzaza kuchipinda mpaka mkazi wanga anatopa n'kudandaula. Ndiye tsiku lina kasitomala wanga wina, wakabaza wa ku Muloza, anandinong'oneza kuti m'bale wake wa ku Mozambique wafukula mfuti polima, yotsala pa nkhondo yapachiweniweni ija ya kumeneko. Anati ndi yaifupi, yachisilikali, ya mpope wa mabowomabowo, ndipo kunsi kwake kuli chitini chozungulira chosungiramo zipolopolo. Ndinakondwa kwambiri, sindibisa. Patatha sabata anaibweretsa ataikulunga mkati mwa mtolo wa nzimbe, atadzera njira zam'tchire.

Musaganize kuti lamulo sindinkalidziwa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuno kwathu munthu wamba saloledwa kusunga mfuti yankhondo, kaya yakale kaya yatsopano, ndipo chipolopolo chimodzi chokha chikhoza kukugoneka kundende. Koma ndinadziuza kuti iyi ndi yakufa. Thabwa lake linali litadyedwa ndi chiswe, chitsulo chonse chili psuu ndi dzimbiri, ingaphe ndani? Ndipo chifukwa choopa lamulo lomwelo sindinafunse aliyense wodziwa za mfuti, poti ukamufunsa ndani woti asakakunenere?

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi chitini chija. Ndinkafuna kuchichotsa, ndichipale, mfuti yonse iwale ndiziisirira ndekha. Ndinaiviika m'parafini masiku atatu, ndinathira oyilo, ndinagogoda, koma chitini osasuntha. Tsono ife okonza njinga tili ndi njira yathu: nati ikakana, kapena mpando ukamatirira mu fulemu, timawotcha pamoto, chitsulo chikatentha chimalolera chokha. Ndachita zimenezo kosawerengeka. Ndiye Loweruka lija, mkazi wanga atapita kumsika, ndinakoleza mbaula kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda kuti odutsa asaone, n'kusanjikapo mfuti ija, chitini chili pamakala penipeni.

Ine ndili pachikamwini, ndipo nyumba ya apongozi anga aakazi ili pafupi ndi yathu. Ndi mayi achilhomwe osunga mwambo, amene anathawa nkhondo ku Mozambique atabereka mkazi wangayu kumbuyo ali khanda. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira wina ankapatuka, akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa mwana wawo, ndipo zogwirana chanza zinalibeko n'komwe.

Masana amenewo anatulukira kuseriko ndi lichero la nandolo, akufuna poyanika. Ataona chimene chinali pambaula anaima nji. Mwana wawo woti amutume kunalibe, ndiye anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kumpanda, n'kupempha ndi mawu apansipansi kuti bambo, kunena ine, achotse chinthucho pamoto. Nanenso ndinanjuta, n'kuyang'ana kumbali monga mwa ulemu, ndi kuwayankha kuti asade nkhawa, ndi chitsulo chakufa. Anabwerezanso, mwaulemu womwewo, kuti chitini chotero iwo anachionapo, ndipo amene ankakwirira mfuti sankakwirira zopanda kanthu. Tangoganizani, anthu awiri akuluakulu tikupatsana ulemu, wina kuyang'ana uku wina uko, makala akuyaka! Ine, ndi kudzimva kwa mmisiri, ndinkakonza kale yankho lachiwiri.

Sindinalinene. Ndinangomva lichero likugwa, kenako dzanja linandigwira pakhosi pa malaya n'kundigwetsa chafufumimba, ndipo apongozi aja, amene sanandikhudzepo chikwatirire mwana wawo, anandigonera pamsana akukuwa m'Chilhomwe kuti ndisadzutse mutu. Nthawi yomweyo chitini chinayamba. Phuu! Phuu! Kenako motsatizana ngati chimanga chokazinga, koma kulira kwake kogonthetsa m'kutu. Mbaula inagubuduzika, makala anamwazika, tizitsulo tinkalira pamalata ndi pakhoma, nkhuku zili balala. Ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga, ine pakamwa padzaza dothi, ndipo ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Kutakhala zii ndinamva chinthu chofunda chikuyenderera m'khosi mwanga. Anali magazi, koma osati anga. Kachitsulo kanali katawalowa apongozi paphewa lamanja, ndipo chilondacho chinkatuluka magazi osaleka ngakhale ndinamanga ndi malaya anga.

Anthu anali atayamba kale kuthamangira kwathu, ndipo apa ndi pamene ndiyenera kuulula chinthu chochititsa manyazi. Ndinadziwa kuti bala lotero ukapita nalo kuchipatala akufunsa chachitika n'chiyani, ndipo apolisi amva. Kwa kanthawi ndithu ndinaima ndikuganiza zoponya mfutiyo m'chimbudzi ndi kuitana munthu wina wodziwa kumanga zilonda pamudzi pomwepo. Apongozi anandiwerenga maganizo. Ali gone pansi, milomo itayamba kutuwa, anandiuza kuti ndikanene kuti botolo laphulika pamoto wa zinyalala, chifukwa sakufuna kuti mwana wawo akhale ngati wamasiye mwamuna ali moyo kundende. Anati kapena tingodikira, mwina magazi aleka okha.

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Munthu wanditchinjiriza ndi thupi lake, tsopano akufunanso kunditchinjiriza ndi bodza, ine n'kuvomera? Adokotala akanafufuza galasi pamene m'thupi muli chitsulo? Ndinawanyamula ndekha m'manja, mwambo kapena ayi, mpaka kumsewu, kumene galimoto ina inatitenga. Kuchipatala ndinanena zoona zokhazokha, kuti chimene chili m'phewamo ndi chidutswa cha chipolopolo, ndipo anathamanga nawo. Namwino wina anandiuza pambuyo pake kuti tikanachedwa pang'ono tikanalira maliro. Nditaona kuti alowa nawo m'chipinda cha opaleshoni, ndinapita kupolisi ndi miyendo yanga, n'kuwatsogolera kunyumba kumene mfuti ija inali ili gone paphulusa.

Ndinamangidwa, inde, ndipo kukhoti sindinakane mlandu. Poona kuti ndinadzipereka ndekha anandichepetsera chilango, komabe kundende ndinakalowa, ndipo nandolo wa chaka chotsatira anakololedwa ine kulibe. Sindidandaula nazo, ndinalakwa. Apolisi amene anabwera kudzachotsa zotsalira anati zipolopolo zina zinali zisanaphulike, zili bwinobwino ngati zopangidwa dzulo.

Lero ndimakhulupirira kuti mfuti siifa. Thabwa limawola, chitsulo chimachita dzimbiri, koma chimene anaipangira chimakhala chikudikira mkatimo, ndipo sichisamala kuti nkhondo inatha kalekale. Lamulo lija ndinkaliona ngati lovutitsa anthu okonda zakale, koma analiikira anthu onga ine, odziwa theka la zinthu.

Tsono inu a m'malire muno, khasu likagunda chitsulo chachilendo m'munda, kapena wina akakunong'onezani za katundu wa mumtolo wa nzimbe, musachigwire, musachigogode, ndipo chonde musachiyandikize kumoto. Kaitaneni apolisi. Apongozi anga ali moyo, koma mkono uja sukwera kupitirira phewa, moti sangathe kudzitwika ndowa. M'mawa uliwonse mukandiona ndili pamzere pamjigo pakati pa amayi, ndi ndowa ziwiri, sekani ndithu monga amachitira ena. Madziwo ndi awo, ndipo ndidzawatungira mpaka mmodzi wa ife adzatsikire kumanda.