Chaka Chimene Nyenje Zinakumana

Inu amene mukuti zinthu zakuipirani, tamvani za Loretta Haskett, mnansi wathu kuno kumidzi ya Illinois.

Mu Juni 2011 Loretta anakhala pansi pakati pa munda wake wa maapozi, dzanja lili patsaya. Timitengo take tonse tinali titauma ngati tawauka ndi moto. Nyenje zinali zitang'amba nthambi zanthete n'kuikiramo mazira, ndipo kulira kwake kunkaposa thirakitala.

Aka kanali kachiwiri. Mu 2007 nyenje zinatuluka pansi n'kupha mitengo yanthete imene malemu mwamuna wake anadzala. Ife anansi, akatswiri a pakamwa, tinamuuza kuti asade nkhawa poti zimatuluka kamodzi pa zaka 17. Iye anatikhulupirira n'kudzalanso. Palibe anakumbuka kuti nkhalango ya kummwera kwa munda wake ili ndi mtundu wina, wotuluka pa zaka 13. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Dwight, mchimwene wa malemuyo, anabwera ndi munthu wofuna kugula malowo.

"Alamu, gulitsani basi," anatero. "Chimanga sichiopa nyenje. Kapena mudzale kachitatu kuti zikhute bwino?"

Loretta anakana, koma mantha anamulowa m'mafupa. Ankaopa ngakhale dothi limene ankapondapo, poganiza zimene zinali pansipo, zikuyamwa mizu mwakachetechete. Sankadziwa kuti zidzatulukanso liti, ndipo kuti adziwe ankafunika chinthu china chimene ankachiopa kuyambira ali mtsikana: masamu. Ndiwo anamuthawitsa sukulu.

Analowabe kalasi ya akuluakulu ya ku laibulale. Tsiku loyamba, ataona nambala pabolodi, anayang'ana kukhomo. Sanatuluke. Analephera mayeso oyamba, achiwirinso chimodzimodzi, koma Lachiwiri lililonse ankabwera.

Tsiku lina aphunzitsi anawauza kuti asankhe nambala n'kumaiwonjezera mobwereza. Loretta anatenga zaka za tsoka lake. Pa 2007 anawonjezera 17, n'kupeza 2024. Pa 2011 anawonjezera 13, n'kupezanso 2024.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa eti?"

"Simunalakwitse, mayi. Zidzatuluka zonse pamodzi."

Atatuluka anakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza. Anaganiza zomuimbira Dwight. Kenako anaona mbali ina ya yankho lomwelo: pakati apo panali zaka zambiri zopanda nyenje, ndipo mtengo waukulu nyenje zimangoudulira nsonga, sizingauphe.

Chisanu chitangotha anadzala munda wonse kachitatu. Chaka ndi chaka ankawonjezera mitengo, koma pofika 2020 analekeratu kudzala, kuti nyenje zisadzapeze timitengo tanthete. M'malo mwake anayamba kusoka maukonde a timabowo ting'onoting'ono. Ife tinkaseka kuti mayiyu akufuna kuveka mitengo ngati akwati.

Mu Meyi 2024 dothi linadzaza timabowo. Zinatuluka nyenje za kumpoto za zaka 17 zija, zinatuluka za kummwera, zamaso ofiira, zikukwera mipanda, matayala ndi miyendo ya anthu. Ukamayenda unkangomva zikoko zikuphwanyika kuphazi. Ineyo ndinatseka mawindo. Loretta anali atakutira kale mitengo yocheperapo, koma ikuluikulu inalibe chotchinga, ndipo inakutidwa yonse ndi nyenje. Chakudya chinamukanika. M'mawa uliwonse ankazungulira munda kufunafuna ukonde wong'ambika, mtima uli m'mwamba.

Patatha mwezi ndi theka kunangoti zii. Nsonga zouma zinagwa, koma palibe mtengo ngakhale umodzi umene unafa. Mu Okutobala tinapita kukamuthandiza kuthyola maapozi, Dwight yemwe.

Dwightyo anafunsa, mawu ali pansi, kuti zoterezi zidzachitikanso liti. Loretta anamufotokozera kuti 13 ndi 17 ndi nambala zouma mutu, sizigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi izo zokha. Choncho kuti zikumanenso, mpaka uchulukitse ina ndi inzake.

"Zaka 221, alamu," anatero. "Mudzabwere msanga, mudzandigwirire makwerero."

Loretta sanasiye kuopa. Chaka chilichonse akamva nyenje yoyamba, ngakhale ya mtundu wamba, amaima kaye n'kumvetsera. Koma munda wa mwamuna wake ulipo, ndipo ukubereka.

Inunso chimene chikukusowetsani tulo musachithawe. Khalani pansi, muchifufuze kuti chikubwera liti, ndipo muyambe kukonzekera lero. Ngakhale mutagwa kawiri, osataya mtima, dzalaninso.